Zilembo za Cirasha: Nkhope Yodziwika, Liwu Lacilendo

Caka ndi caka ena mwa ana athu amalandira mwai wokaphunzira udokotala, uinjiniya ndi nchito zina ku Russia. Njira imeneyi ndi yakale ndithu. Yunivesite ya ku Moscow imene inapatsidwa dzina la Patrice Lumumba mu 1961 inatsegulidwa mu 1960 kuti iphunzitse acinyamata a ku Africa, Asia ndi Latin America. Ambiri opita kumeneko amatha caka coyamba akuphunzira cinenero, ndipo khomo lolowera m'cinenero ndi zilembo zace. Mwezi uno tiyeni tizione pamodzi, makolo ndi ana omwe.

Zilembo za Cirasha zilipo 33: mavawelo 10, makonsonanti 21, ndi zizindikiro 2 zimene pazokha sizichulidwa. Mlendo akaziona koyamba amacita mantha ndi zija za maonekedwe acilendo, monga Ж ndi Щ. Koma ife tikuti zosokeretsa zenizeni ndi zija zofanana ndi zathu. Paja akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zilembo zisanu, А, К, М, О ndi Т, ndi abwenzi okhulupirika, pakuti nkhope ndi liwu zonse n'zofanana ndi zathu. Koma zisanu ndi cimodzi izi zili ndi msampha: В imachulidwa v, Н ndi n, Р ndi r wogubuduza lilime, С ndi s, У ndi u, ndipo Х ndi h wokwekweza kukhosi. Mwana wathu akaona cikwangwani ca РЕСТОРАН, maso adzamuuza kuti "pektopa", pamene eni ace akuwerenga "restoran", nyumba yodyeramo. Palinso И, yooneka ngati N wotembenuzidwa, amene ndi i. Я, yooneka ngati R wotembenuzidwa, amene ndi ya. Ndi З, yonga nambala 3, amene ndi z.

Kodi zinatheka bwanji? Zilembo zathu zinacokera ku Cilatini, pamene zao zambiri zinacokera ku Cigiriki, m'mene Р ndi r kuyambira kale. Mu 863 abale awiri a ku Thessalonica, Cyril ndi Methodius Oyera, anatumidwa ku Moravia kukalalikira anthu a mtundu wa Asilavo m'cinenero cao. Popeza cinenero cimeneco cinalibe zilembo, Cyril anapanga zace, zochedwa Glagolitic. Iye anamwalira ku Roma pa 14 February 869, tsiku limene Mpingo umakumbukira abale awiriwa. Zilembo zimene tikukambazi zinakonzedwa pambuyo pace ku Bulgaria, kumene ophunzira ao anathawira. Anatenga zilembo za Cigiriki, naonjezera zina za maliwu amene Agiriki analibe, ndipo zinachedwa Cyrillic polemekeza mphunzitsiyo. Mu 1708 Mfumu Peter Wamkulu anapeputsa maonekedwe ace, ndipo mu 1918 zilembo zingapo zosafunika zinacotsedwa.

Tsono zija zooneka zoopsa zambiri n'zapafupi kwa ife. Ц ndi ts wa m'mau akuti "tsiku". Ч ndi liwu loyamba la "cala". Ш timalimva mu Sesheke, Ж mu Itezhi-Tezhi, ndipo Щ ndi Ш wofewa ndi wotalikirapo. Liwu limene tilibiretu ndi Ы, lokhala pakati pa i ndi u, lochulidwa lilime litabwerera m'mbuyo. Nalonso n'losati kulinyozera, pakuti быть ndi "kukhala", pamene бить ndi "kumenya".

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kucenjera nazo makamaka ife olankhula Cinyanja. Coyamba ndi Л ndi Р. Kwathu kuno, wonena "bwera" ndi wonena "bwela" onse amamveka. Ku Russia лак, lak, ndi vanishi wopaka pa matabwa, koma рак, rak, ndi matenda a khansa. Wophunzira udokotala sangasakanize awiriwa pamaso pa wodwala.

Caciwiri ndi kugogomeza. Liwu lililonse la Cirasha lili ndi phatikizo limodzi lochulidwa mwamphamvu, ndipo О wosagogomezedwa amamveka ngati a. Motero mkaka umalembedwa молоко koma umachulidwa "malako", ndipo Москва ndi "Maskva". Liwu lakuti замок likagogomezedwa koyamba ndi linga la mfumu, likagogomezedwa kumapeto ndi loko wa pacitseko. Zimenezi zisatidabwitse, pakuti nafenso timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika mwa kukweza kapena kutsitsa mau, ngakhale timalemba cimodzimodzi.

Cacitatu ndi cizindikiro ca Ь, cimene cimafewetsa cilembo cotsogola. Брат ndi "mbale wamwamuna", koma брать ndi "kutenga". Cinzace, Ъ, cimalekanitsa konsonanti ndi vawelo lotsatira.

Phunziro lace ndi lakuti liwu silikhala m'nkhope ya cilembo ai, koma m'pangano la anthu ocigwiritsa nchito. Ngakhale ife tomwe, pamene kuno ku Zambia timalemba "cinthu", abale athu a ku Malawi amalemba "chinthu", koma pakamwa liwu ndi limodzi. Conco mwana wokonzekera ulendo asakhulupirire maso okha. Aphunzire zilembo 33 asananyamuke, zisanu pa tsiku, amvetsere eni cinenero pa wailesi kapena pa intaneti, ndipo asacite manyazi kufunsa, popeza safunsa anadya phula.

Potsiriza, nayi nchito ya banja lonse madzulo ano. Dziwani kuti Б ndi b, П ndi p, ndipo muwerenge maina atatu awa: ЗАМБИЯ, ЛУСАКА, ЧИПАТА.