Mapapo a khanda lobadwa masiku asanakwane

Mayi wa kwa Nsamala amene matenda amuyamba mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha njira yake ndi yodziwika. Amayambira pa chipatala chaching'ono monga cha Kwitanda, ambulansi n'kumutengera ku chipatala cha boma cha Balaka, ndipo zikavutitsitsa amatumizidwa ku Zomba. Paulendo wonsewo achibale amafunsa chinthu chimodzi: kodi mwanayu akhala moyo? Funso loti mapapo ake adzakhala otani akadzayamba kukwawa ndi kuyenda silimveka kawirikawiri, koma nthawi yolifunsa yakwana.

Lipoti la bungwe la WHO ndi anzake la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana 18 mwa 100 alionse akubadwa masabata 37 asanakwane. Ana otere amalimbana ndi mapapo osakhwima. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono ta mpweya timene timafuna madzi ena oterera, amene madokotala amati surfactant, kuti tisamatane mwana akatulutsa mpweya. Madziwa amakwanira mimba ikafika masabata pafupifupi 34 kapena 35. Wobadwa nthawi imeneyi isanafike timatumba take timamatirirana ngati jumbo lonyowa mkati, nthiti zimalowa mkati akamakoka mpweya, ndipo amabuula.

Mu 1967, dokotala William Northway wa ku Stanford, ku America, anafotokoza matenda amene anawaona mwa ana opulumutsidwa ndi makina opopera mpweya mwamphamvu. Anawo anakhala ndi moyo, koma mphamvu ya makinawo pamodzi ndi okosijeni wochuluka zinasiya zipsera m'mapapo mwawo. Matendawa ndi bronchopulmonary dysplasia, mwachidule BPD. Madokotala amawaganizira pamene khanda likufunabe okosijeni patatha masiku 28, kapena pa nthawi imene mimba yake ikanafika masabata 36. Mwana wotere amatopa poyamwa, amachedwa kunenepa, pachifuwa pamalira, ndipo chimfine wamba chimasanduka chibayo. Piritsi lochiza matendawa kulibe. Chothandiza n'chakuti mapapo amapitiriza kupanga timatumba tatsopano m'zaka zoyamba za moyo, choncho mwana woyamwa bwino ndi wotetezedwa ku matenda amanka napeza bwino.

Okosijeni ndi mankhwala, ndipo ali ndi mulingo wake. M'midzi muno mudakali mantha akuti mwana akaikidwa kachubu m'mphuno ndiye kuti watha, mpaka ena amakana chithandizocho. Enanso amadandaula akaona namwino akuchepetsa mpweya. Onsewa akufunika kuwalongosolera mofatsa. Kachipangizo kamene amamangirira kuphazi kwa khanda kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, ndipo anamwino amafuna nambalayo ikhale pakati pa 90 ndi 95. Mpweyawu ukachepa, ubongo umavulala. Ukachuluka kwa masiku ambiri, umawononga mapapo ndi maso omwe. Woimba Stevie Wonder, amene anabadwa mu 1950 masiku asanakwane, ndi mmodzi mwa ana ambiri a nthawi imeneyo amene anachita khungu pa chifukwa chimenechi.

Pankhani yoteteza mapapo, Malawi ali ndi chonyadira. Ku wodi ya makanda ya Chatinkha, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala monga Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza anagwirizana ndi akatswiri a ku yunivesite ya Rice, ku Texas, motsogozedwa ndi Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden. Anapanga makina otsika mtengo otchedwa Pumani, amene poyamba ankagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mabokosi owetera nsomba. Makinawa sapumira mwana. Mwana amapuma yekha, makinawo n'kumangokankha mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno kuti timatumba tija tisatsekeke, ndipo botolo la madzi ochita thovu ndi limene limasunga mphamvu yake. Pa kafukufuku wa mu 2012 pachipatalapo, ana 71 mwa 100 oikidwa pa makinawa anapulumuka, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44. Kuchokera pamenepo makinawa anafalikira ku zipatala za boma za m'maboma. Chosangalatsa n'chakuti njira yofatsa imeneyi, yotchedwa CPAP, ndi imenenso mayiko olemera amayambira masiku ano, popewa zipsera zimene Northway anaona.

Makina okha sakwanira. Kafukufuku wa m'zipatala za m'maboma anaonetsa kuti khanda lofika litazizidwa silipindula kwenikweni ndi CPAP. Wina angadabwe kuti mwana angazizidwe bwanji ku Balaka kotentha chonchi, koma khanda la kilogalamu imodzi ndi theka lilibe mafuta osunga kutentha, ndipo ulendo wa usiku pa njinga yamoto ndi wokwanira kuliziziritsa. Mankhwala ake ndi chifuwa cha mayi. Njira imeneyi, yotchedwa kangaru, inakhazikitsidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo mu 2015 boma la Machinga, limodzi ndi la Thyolo, linasankhidwa kuyesera kampeni ya Khanda ndi Mphatso, yolimbikitsa abambo, agogo ndi mafumu kuti asamataye mtima pa ana otere. Kafukufuku wa WHO wa mu 2021, amene chipatala cha Queen Elizabeth chinatengapo mbali, anapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kumachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chitetezo china chimayamba mwana asanabadwe. Jakisoni wa dexamethasone, wobaya mayi amene akuoneka kuti achira msanga mimba ili pakati pa masabata 24 ndi 34, amafulumizitsa kukhwima kwa mapapo a mwana. Graham Liggins wa ku New Zealand anazindikira zimenezi pofufuza nkhosa, ndipo zotsatira za kuyesa kwake pa amayi zinatuluka mu 1972. Koma jakisoniyu amafuna kuti azamba adziwe bwino msinkhu wa mimba, ndiye mayi woyamba sikelo mimba itakula kale amawamanga manja. Ku sikelo komweko ndi kumene amalandira Fansidar ndi neti, poti malungo ndi amodzi mwa zinthu zobadwitsa ana msanga. Mwana akabadwa, mankhwala a caffeine amamuthandiza kuti asamaiwale kupuma, ndipo kafukufuku wa mu 2006 anaonetsa kuti amachepetsanso BPD. Unduna wa Zaumoyo uyenera kuonetsetsa kuti mankhwalawa sakusowa m'mawodi a makanda.

Pamene pakufunika maso kwambiri ndi kumudzi. Mayi wotuluka m'chipatala mwana ali pachifuwa amabwerera ku khitchini ya mafuwa atatu ndi nkhuni, ndipo utsi wonse umathera pa mphuno za mwanayo. Apa apongozi ndi alamu ayenera kumulandira mthiko kwa miyezi ingapo. Moto wa makala usalowe m'nyumba mogona khanda, ngakhale pofuna kulifunditsa, ndipo osuta fodya asutire kutali. Obwera kudzaona mwana asambe m'manja, wachifuwa adikire kaye achire. Katemera wa chibayo, amene Malawi anayamba kupereka mu 2011, mwanayu alandire pa nthawi yake monga mwana wina aliyense, osadikira kuti ayambe wanenepa.

Zipatala za Balaka ndi Machinga zingathe kuchita chinthu chosafuna ndalama zambiri: kulemba momveka m'buku la kusikelo la mwana aliyense amene wakhala pa okosijeni masabata angapo, n'kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Mlangiziyo akamuyendere m'sabata yoyamba, amuyeze kulemera, awerenge kapumidwe kake, ndipo akapeza nthiti zikulowa mkati kapena mwana akukana bere, amutumize ku chipatala tsiku lomwelo.