ZA M'MAIKO ENA: Viza ya Mlendo Si Cilolezo ca Nchito

Masiku ano anyamata ndi atsikana ambiri amene anatsiriza maphunziro a uphunzitsi, koma sanalembedwe nchito m'sukulu za Boma, akumva mbiri yakuti ku maiko a ku Asia kukufunika aphunzitsi a Cingelezi. Mbiri imeneyi ndi yoona. Koma popeza ndalama za ulendo wotere kawirikawiri zimacokera m'khola la ng'ombe kapena m'nkhokwe ya makolo, nkoyenera kuti inu makolo mudziwe zikalata zimene mphunzitsi afunika kukhala nazo kuti akhale zaka zambiri m'dziko la eni.

Coyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Pasipoti imaperekedwa ndi Boma lathu, ndipo imangocitira umboni kuti munthuyo ndani. Viza ndi cilolezo cocokera ku dziko limene munthu akupitako, ndipo ilipo ya mitundu-mitundu. Viza ya mlendo imalola munthu kukaceza masiku owerengeka basi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Munthu wolowa m'kalasi ndi kulandira malipiro ali ndi viza yotere waphwanya lamulo, ngakhale mwini sukulu atamuuza kuti palibe kanthu.

Zimenezi si zacilendo kwa ife. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, Azambia okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe, ndipo ana athu ambiri a m'sukulu za sekondale anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi ocokera ku Britain, India ndi maiko ena. Dziko lathu liri ndi malamulo ace a alendo otere. Lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2010 linapatsa mlendo wamba masiku 90 pa caka, ndipo linati wofuna kugwira nchito kupitirira miyezi 6 atenge cilolezo ca nchito. Maiko ena nawonso amasunga zipata zao momwemo.

Tiyambe ndi South Korea. Kumeneko mphunzitsi wa cilankhulo amapatsidwa viza yochedwa E-2. Afunika digiri, kalata ya apolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, ndi kupimidwa m'thupi. Koma pa Cingelezi, viza imeneyi imapatsidwa makamaka kwa nzika za maiko 7: United States, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Zambia palibe pa mndandandawo. Motero munthu wolonjeza mwana wanu nchito yotere ku Korea ayenera kufunsidwa bwino lomwe.

Ku Japan khomo ndi lotsegukako. Wophunzitsa m'sukulu za ana amapatsidwa cilolezo cochedwa Instructor. Kuwonjezera pa maphunziro apamwamba, afunika kusonyeza kuti anaphunzira m'Cingelezi zaka 12 kapena kuposerapo. Sukulu yomulemba nchito ndiyo imayamba kumupemphera cikalata ku ofesi yoona za olowa ndi oturuka m'dzikomo, iye akali kwao. Cilolezoco cimakhala ca caka cimodzi, zaka 3 kapena zaka 5, ndipo cimawonjezedwa nthawi yace ikakwana. Akasiya nchito ayenera kudziwitsa ofesiyo pasanathe masiku 14. Wofuna cilolezo cokhala kosatha, mwa nthawi zonse amayembekeza zaka 10 ali m'dzikomo, akulipira msonkho mokhulupirika. Ofesi ya kazembe wa Japan iri mu Lusaka, ndipo kufunsa kumeneko sikulira ng'ombe.

Ku Thailand mphunzitsi afunika zinthu zitatu: viza yochedwa Non-Immigrant B, imene poyamba imakhala ya masiku 90, cilolezo ca nchito, ndi cibvomerezo ca bungwe loyang'anira aphunzitsi. Izi zikakwanira, nthawi yace yokhala imawonjezedwa caka ndi caka, koma ayenera kumadziwitsa akuluakulu kumene akukhala pa masiku 90 ali onse. Nchito ikatha, nthawi yokhala yathanso. Wopitirira masiku ace amalipira faindi ya 500 baht, ndalama za kumeneko, pa tsiku, kufikira 20,000 baht. Wogwidwa akugwira nchito popanda cilolezo amalipira pakati pa 5,000 ndi 50,000 baht, nabwezedwa kwao.

Palinso coopsa coposa faindi. Mu February 2025 anthu zikwi zambiri a maiko osiyanasiyana, ena mwa iwo a mu Africa, anaturutsidwa m'misasa ya ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, pafupi ndi malire a Thailand. Ambiri anacoka kwao atalonjezedwa nchito zabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti ndi kukakamizidwa kubera anthu ndalama pa intaneti.

Tikaona maiko atatuwa tipeza mfundo imodzi. Cimene cimakhalitsa mphunzitsi m'dziko la eni ndi sukulu yodziwika imene yamulemba nchito, pamodzi ndi zikalata zoona za maphunziro ace. Tikiti ya ndeke payokha siimpatsa munthu malo. Nkhoswe yonena kuti mwana ayambe wapita ngati mlendo, zikalata zikakonzedwa akafika, ikumuika pa msampha, pakuti mlandu ukabuka womangidwa ndi mwana wanu, nkhosweyo iri kwao.

Cifukwa cace, inu makolo, musanagulitse ng'ombe kapena matumba a nsawa, khalani pansi ndi mwana wanu mumfunse mafunso awa. Kodi dzina la sukuluyo ndi ciani, nanga iri mumzinda uti? Kodi pangano la nchito lolembedwa ndi kusainidwa liripo? Kodi viza imene akutenga dzina lace nciani, ndipo imalola nchito? Ngati simudziwa kuwerenga Cingelezi, pemphani aphunzitsi akulu a pa sukulu ya kwanu akuwerengereni. Muuzeninso kuti pasipoti yace asapatse munthu wina ali yense kuti amusungire.

Kukagwira nchito kunja si colakwa, ndipo ambiri athandiza nako mabanja ao. Koma mwana wopita ndi zikalata zokwanira ndiye adzatumiza thandizo kumudzi, pamene wopita mozemba adzafuna kuti mugulitse ng'ombe ina yomuombolera. Safunsa anadya phula.