Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu uyenera kukumbukiridwa ndi aliyense amene wamva nkhani yakuti akatswiri a sayansi adapeza mankhwala ogonjetsa tizirombo ta matenda m'nkhono za m'nyanja zamchere. Nkhaniyi ndi yoona, koma woimva mothamanga akhoza kuvulala nayo. Mayi wa ku Area 36 mu mzinda wa Lilongwe, amene mwana wake ali ndi chilonda chosapola, angaganize kuti nkhono ya kudambo ingathe kuchita zimene mankhwala a kuchipatala amachita. Maganizo otere ndi olakwika.

Zimene zidachitika ndi izi. M'chaka cha 2000, Kirsten Benkendorff ndi anzake a pa yunivesite ya Wollongong ku Australia adafalitsa zimene adapeza pa nkhono yotchedwa Dicathais orbita. Nkhonoyi imaikira mazira ake pamiyala, m'madzi odzala ndi tizirombo, koma mazirawo saola. Akatswiriwo adapeza kuti m'maziramo muli mankhwala otchedwa tyriverdin amene amaletsa tizirombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya, kuswana. Mphamvu yake idaonekanso pa mabakiteriya ena amene amadwalitsa anthu.

Koma zonsezi zidachitikira m'timbale ta m'chipinda chopimira, osati m'thupi la munthu. Chinthu chimene chingaphe tizirombo m'mbale chikhozanso kuwononga chiŵindi kapena impso za wodwala. Nchifukwa chake mankhwala atsopano amayamba ayesedwa pa nyama, kenaka pa anthu oŵerengeka, ndipo pomaliza pa anthu ambiri. Kufikira lero palibe chipatala chimene chimapereka mankhwala opha mabakiteriya ochokera ku nkhono.

Ntchito yotere imatenga zaka zambiri. M'chaka cha 1945, Giuseppe Brotzu adapeza nkhungu yolimbana ndi mabakiteriya m'madzi a m'nyanja pa chilumba cha Sardinia ku Italy. Mankhwala oyamba ochokera ku nkhunguyo adafika m'zipatala m'chaka cha 1964, patapita zaka 19. Jekeseni ya ceftriaxone, imene odwala kwambiri amabayidwa m'zipatala za m'Malaŵi muno, ndi ya mtundu womwewo. Nayonso nkhono ya m'nyanja yotchedwa Conus magus idathandiza kupanga mankhwala a ziconotide, amene adaloledwa ku America m'chaka cha 2004. Mankhwalaŵa ndi oletsa ululu chabe, saapha tizirombo, ndipo amapangidwa m'fakitale. Nkhono za mtundu wa Conus zili ndi ululu woopsa, ndipo zina mwa izo zidaphapo anthu.

Chinanso nchakuti dziko la Malaŵi lilibe nyanja yamchere. Nkhono za m'madambo, m'mitsinje ndi m'Nyanja ya Malaŵi ndi zamtundu wina. Zina mwa izo zimasunga tinyongolotsi ta likodzo. Tinyongolotsito timatuluka m'nkhono, timasambira m'madzi, ndipo timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kuŵedza. Pambuyo pake munthuyo amayamba kukodza magazi kapena kutupa mimba. Mwana wotumidwa kukatola nkhono kudambo akhoza kubwerako ndi matenda m'malo mwa mankhwala. Kupaka zinthu zosadziŵika pachilonda nakonso kumangowonjezera tizirombo pamene pali kale tina.

Nanga nchifukwa ninji akatswiri akuvutika kufufuza mpaka m'nyanja? Yankho lake likukhudza banja lililonse. Mankhwala amene alipo ayamba kuchepa mphamvu chifukwa tizirombo tawazoloŵera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adapima magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Adapeza kuti m'chaka cha 2003, pa tizirombo 100 ta mtundu wa Klebsiella, pafupifupi 12 ndi timene tinali tosamva mankhwala a mtundu wa ceftriaxone. Pofika 2016 tinali titakwana 90 pa 100. Kachirombo kameneka kamavutitsa kwambiri ana akhanda. Pa dziko lonse lapansi, anthu oposa 1,200,000 adamwalira m'chaka cha 2019 chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

Vutoli silichokera kutali. Limakula pamene bambo wa ku Area 36, Biwi kapena Chinsapo wamva chimfine ndipo wagula makapisozi aŵiri pa wokala kapena kumsika. Chimfine sichimva mankhwala otere, pakuti chimayamba ndi tizirombo tamtundu wina. Limakulanso pamene mayi wasiya kumwetsa mwana mankhwala pa tsiku lachiŵiri poona kuti thupi lazizira, nkusunga otsalawo pansi pa mphasa kuti adzapatse wina. Tizirombo tofooka timafa, koma tolimba timatsala ndi kuswana. Tsiku limene mwanayo adzadwale kwambiri, mankhwala aja adzakhala ngati madzi.

Anthu ena amati kuchipatala kumatalika, mzere umachuluka, ndipo nthaŵi zina mankhwala amasoŵa. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Komabe woyenda ulendo wa ku Kawale kapena ku Bwaila amapimidwa ndi kuuzidwa chimene chikumuvuta. Ngakhale atauzidwa kuti akagule mankhwala, amakagula oyenera ndi muyeso wake wokwanira, pa sitolo yololedwa ndi boma. Wogulitsa pamsika sangathe kupima munthu, ndipo mankhwala ake amakhala padzuŵa tsiku lonse.

Pamafunika kuti wodwala aliyense amwe mankhwala monga momwe dokotala wanenera, osagaŵana ndi mnzake. Chilonda chitsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo chikayamba kutupa kapena kutulutsa mafinya, wodwalayo apite kuchipatala msanga. Ana alandire katemera yense, kuphatikizapo wa taifodi amene adayamba kuperekedwa m'dziko muno m'chaka cha 2023. Madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo manja asambidwe ndi sopo pochokera kuchimbudzi.

Mwina tsiku lina nkhono za m'nyanja zidzapereka mankhwala atsopano, ndipo akatswiri ayenera kupitiriza ntchito yawo modekha. Koma fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno. Mankhwala amene ali m'zipatala lero ndiwo angapulumutse mwana wodwala usiku uno, choncho ayenera kusamalidwa kuti mphamvu yake isathe.