Kutchena Si Nzeru: Mlandu Wanga ndi Mawu Oti "Smart"

Mawu achingerezi oti "smart" andikwana. Sindikuti ndi oipa ayi, koma ife tawalanda matanthauzo ake onse n'kuwasiyira limodzi lokha: kutchena.

Takumbukani ku pulayimale. Aphunzitsi akatchula mawuwa ankayang'ana yunifolomu yosita, malaya opisira ndi nsapato zonyezimira. M'kalasi mwathu munali mnyamata amene ankatiposa tonse masamu, koma ankabwera chosavala nsapato. Palibe tsiku limene anamutcha smart. Dzina lake linkamveka pa mndandanda wa osapesa tsitsi basi.

Chonsecho mawuwa ali ndi nkhope zambiri. M'Chingerezi chakalekale ankanena za chinthu chopweteka, chobaya ngati mbola ya njuchi, ndipo ndi pachibale ndi mawu achijeremani oti "Schmerz", kutanthauza ululu. Kuchokera pa kubayako, anayamba kunena za munthu wakuthwa maganizo. Ku America lero, ukamutcha munthu smart ndiye kuti wamuyamikira nzeru. Ku Britain, nthawi zambiri wamuyamikira zovala. Mwana akamayankha makolo mwamwano, amamudzudzulanso ndi mawu omwewa. Foni yolowa pa intaneti nayo yatenga dzina lomweli.

Pa zonsezi ife tinatola la suti ndi tayi, lomwe anatisiyira atsamunda, ndipo tinalikumbatira mwamphamvu. Kamuzu Banda sankaoneka pagulu wopanda suti. Mu 1973 boma lake linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Lamulolo linapita ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, koma maganizo ake akadali m'mitu mwathu.

Umboni uli pa koleji pompano. Tsiku lofotokoza ntchito yathu pamaso pa kalasi likayandikira, anzanga amathamangira kubwereka jekete m'malo mowerenga. Ine ndemwe ndinachitapo: usiku wonse ndinkasaka nsapato, m'mawa mwake funso loyamba lenilenilo linandigwetsa. Koma potuluka anthu anandiuza kuti ndinali smart, ine n'kusekerera ngati ndakhoza.

Wina anena kuti kudzisamalira ndi ulemu. Zoona, ndipo sindikuuza munthu kuti apite ku intavyu atavala zigamba. Chimene ndikukana n'kuyesa mutu wa munthu poyang'ana kolala yake. Muyeso umenewu umapondereza mwana wa mlimi amene alibe ya suti, n'kutsegulira chitseko tambwali amene ali nayo. Ndalama za Cashgate mu 2013 sizinabedwe ndi anthu ovala nsanza. Zinatuluka ku Capital Hill m'manja mwa anthu otchena bwino lomwe.

Chichewa chathu sichisokoneza zinthuzi. Wotchena ndi wotchena, wanzeru ndi wanzeru, wochenjera ndi wochenjera, ndipo wochenjerayo timakhala naye maso. Ndiye mukadzandiuzanso kuti ndili smart, ndidzakufunsani kuti mukunena iti. Ngati ndi ya jekete, dziwani kuti ndi yobwereka.