Timalumo ta m'thupi ndi asilikali athu

Mlimi aliyense adaonapo mbululu ikutaya mchira posanduka chule. Palibe amene amaudula. Maselo ake, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, amadzipha okha nthawi ikakwana. Zala za mwana nazonso zimalekana motero ali m'mimba.

Ntchitoyi amaigwira ndi ma enzaimu otchedwa caspase. Tingawayerekeze ndi timalumo totseka tokhala m'selo. Tikatseguka timadula mapuloteni ogwiriziza seloyo, ndipo imafota n'kumezedwa ndi maselo oyeretsa m'thupi. Imfa yotere njabwino: imachotsa maselo oonongeka amene akadatha kusanduka khansa. Mu 2002 asayansi atatu, mmodzi mwa iwo Sydney Brenner wobadwira ku South Africa, adalandira mphoto ya Nobel atafufuza kakulidwe ka ziwalo ndi imfa ya maselo m'kanyongolotsi.

Tsoka lake, kachirombo ka HIV kamatembenuzira timalumoti kwa eni ake. Ambiri timaphunzitsa kuti kachiromboka kamadya asilikali a m'thupi, ma CD4, mmodzimmodzi. Koma mu 2013 gulu la Warner Greene ku Gladstone Institutes, San Francisco, lidaonetsa kuti m'timisempha tija totupa mwanabele, pa asilikali 100 ofa, oposa 95 ndi omwe kachirombo kadawalowa koma osatha kuswanamo. Selo ikamva mlendo imatsegula caspase-1, n'kuphulika. Kuphulikako kumaitana asilikali ena kudzathandiza, nawonso n'kugwera m'mbuna yomweyo. Zonsezi zimachitika munthu akulima bwinobwino, nkhope ili see.

Apa mpomwe nkhani ya Botswana ikupatsa chidwi. Mu Januwale 2002 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala cha Princess Marina ku Gaborone, pa ndondomeko ya Masa, liwu la Chitswana lotanthauza m'bandakucha. Masiku amenewo munthu ankayembekeza kuti CD4 itsike kufika pa 200 kapena adwale kwambiri, ndipo pofika apo asilikali ochuluka amakhala atapita kale. Mu 2016 Botswana idasiya kudikira n'kuyamba kupereka mankhwala kwa aliyense wopezeka ndi kachirombo. Malawi idachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho.

Komabe kumidzi mawu akuti "ndikadali wamphamvu, ndidzayamba ndikadwala" sadathe. Inu alangizi, mukakumana ndi wotere, m'fotokozereni kuti ma ARV sagwira timalumoto ayi. Amaletsa kachirombo kuswana, ndipo kakachepa maselo odzipha amachepanso. Akalumphalumpha kumwa, kachirombo kamaswananso ndipo kuphulika kuja kumayambiranso.