Alonda anakana kutsegula geti ku Nairobi

Lachisanu pa 7 Ogasiti 1998, cha m'ma 10:30 m'mawa, galimoto yonyamula katundu inakhotera kuseri kwa ofesi ya kazembe wa dziko la America mumzinda wa Nairobi, pamphambano ya misewu ya Moi Avenue ndi Haile Selassie Avenue. Anthu awiri amene anali m'galimotoyo ankafuna kulowa kunsi kwa nyumbayo, komwe kunkaimikidwa magalimoto. Alonda apageti, Akenya olembedwa ntchito ndi kampani, m'manja mulibe mfuti, anakana kutsegula. Mmodzi wa zigawengazo anatsika nkuwaopseza, kenaka anaponya kabomba ka m'manja. Geti silinatsegulidwebe. Alondawo anayesa kuchenjeza asilikali amene anali m'kati, koma wailesi yolankhulirana inali pa nkhani zina ndipo foni inali yotanganidwa.

Posakhalitsa bomba lalikulu linaphulika panjapo. Anthu 213 anafa, mwa iwo 12 a ku America, ndipo ovulala anaposa 4,000. Nyumba yoyandikana nayo ya Ufundi, momwe munalinso sukulu ya ntchito za usekilitale, inagweratu pansi. M'mawa womwewo bomba lina linapha anthu 11 paofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam.

Ngoziyo inali yoopsa, koma galimoto ija ikanalowa kunsi kwa nyumba, maliro a m'ofesimo akanachuluka kuposa apo. Amene anaitchinga sanali bwana aliyense wa pamwamba. Anali anthu aja ambiri amawadutsa m'mawa osawapatsa ndi moni womwe.

Chomvetsa chisoni kwambiri chinachitika pamazenera. Phokoso la kabomba koyamba kaja litamveka, anthu m'maofesi ozungulira anasiya zolembera nkuthamangira pazenera kukasuzumira. Ndi chibadwa cha munthu, aliyense akadachita chimodzimodzi. Bomba lalikulu linawapeza nkhope zili pagalasi, ndipo magalasi osweka anawatema kumaso, ena mpaka kuchita khungu. Komiti yofufuza imene anaitsogolera Admiral William Crowe, mu lipoti lake la mu Januwale 1999, inapeza kuti ogwira ntchito sanaphunzitsidwe chochita pa chiwembu cha bomba la m'galimoto: kugona pansi, kubisala kunsi kwa tebulo, kutalikirana ndi zenera. Phunziro lotere silifuna ndalama zambiri. Limafuna bwana woti aimitse ntchito kwa theka la ola, anthu ayeserere.

Ndipo chenjezo linalipo. Kazembe wa nthawiyo, mayi Prudence Bushnell, anali atadandaula kangapo ku Washington kuti nyumbayo ili pafupi kwambiri ndi msewu, mpaka analembera kalata nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, mayi Madeleine Albright. Ofesiyo sinasamuke. Inadzasamukira ku Gigiri anthu atafa kale, ndipo pamalo akale aja lero pali paki yachikumbutso.

Wina anganene kuti izi nzakutali. Koma pa 5 Okutobala 2017, zigawenga za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zinayamba nkhondo yawo pothira nkhondo mapolisi a m'tauni ya Mocímboa da Praia, ndipo mu Malichi 2021 zinalowa m'tauni ya Palma. Ofesi ya boma ndi imene zigawenga zimaifuna, chifukwa ikagwa anthu amaona ngati boma lenilenilo lagwa. Komanso ndi nyumba imene singatsekedwe, popeza mayi wodzatsatira penshoni ya malemu amuna awo ndi mnyamata wodzatenga chiphaso ayenera kulowamo tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake chitetezo cha m'maofesi otere chimadalira zizolowezi za anthu ogwiramo. Mlonda akafunsa chitupa kwa munthu wovala suti, munthuyo nkumuyankha kuti "kodi sukundidziwa?", ndiye kuti mlondayo waphunzitsidwa kuti mawa asadzafunsenso. Tsiku lomwe adzatsegulire munthu wolakwika, mlandu sudzakhala wake yekha. Mesenjala amene waona chikwama chosiyidwa m'khonde kuyambira m'mawa ayenera kudziwa woti amuuze, ndipo asasekedwe zikapezeka kuti munali nsapato ndi kamba wa paulendo. Khomo lotulukira pangozi lisakhale mosungira mafayilo akale ndi mipando yothyoka.

Kukhala tcheru sikutanthauza kukayikira munthu chifukwa cha chipembedzo, chovala kapena chilankhulo chake. Alonda a ku Nairobi sanayang'ane zimenezo. Anaona galimoto yopanda chilolezo ikukakamira kulowa, nakana.

Alembi aakulu a maunduna, mabwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi za boma atsike apite pageti sabata ino, akafunse mlonda ngati foni yake ili ndi mayunitsi, ngati akudziwa nambala yoimba zinthu zikavuta, ndiponso ngati kumene angaimbeko kuli munthu woyankha.