ZA AMAI: Masokosi Cisanu Cisanafike

Amai ena ophunzitsa kuluka ku Kafue Estate ali kutsiriza majuzi a ana a sukulu, komanso ayamba kukonzekera maphunziro a masokosi, pakuti cisanu ca Juni ndi Julai m'mbali mwa mtsinje wa Kafue cimalowera ku mapazi.

Popeza ulusi watsopano ndi wodula, amaiwa ali kumasula majuzi akale a salaula, natsuka ulusiwo kuti uwongoke. Wophunzira ali yense adzafunika singano zinai zosongoka mbali zonse, cifukwa sokosi imalukidwa mozungulira, yopanda msoko wopweteka phazi.

Pobvuta ndi pa cidendene, pamenenso pamayamba kubooka. Motero alukiratu zidendene zacitsanzo za ulusi wophatikiza pawiri, kuti ophunzira azione asanayambe.